Oda yaikulu ndinaipeza, koma manja akukana kusoka: kodi ndalodzedwa?

"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa zaka 36, ndimasoka zovala pamsika wina m'boma la Kasungu. Ndakhala pakhonde la sitolo ndi mashini anga zaka 9, ndipo pemphero langa linali loti tsiku lina ndidzapeze oda yaikulu. Mwezi wathawu sukulu ina yapulaiveti inandipatsa oda ya mayunifomu 240, n'kundipatsiratu dipoziti ya K1,500,000. M'malo mosangalala ndinayamba kusowa tulo. Tsiku labwino ndimatha kusoka mayunifomu 6, koma mpaka lero ndamaliza 60 okha. Ndikafika m'mawa ndimayamba kusoka zigamba za anthu, nsalu ya sukulu ili pomwepo. Ahedi akaimba foni ndimangoiyang'ana mpaka idule. Achimwene anga atapempha ngongole ndinawapatsa K400,000 ya dipoziti ija, ndikudziwa ndithu kuti sabweza msanga. Anzanga a banki mkhonde asintha. Ndikafika nkhani imatha, ena akuti ndayamba kudzimva, ndipo ndamva kuti wina akunena kuti ndinakhwima. Bambo a kunyumba nawo ndikalowa amati 'abwana afika'. Si koyamba: zaka zitatu zapitazo ndinakana kusokera ukwati waukulu, ndinanama kuti mashini awonongeka. Sukulu itsegulira pakatha milungu 4. Kodi ndalodzedwa, kapena ndine waulesi? Ndilibe woti ndimuuze."

Mayi, mwachita bwino kulemba osabisa kanthu. Ndiyambe ndi mafunso anu awiri aja. Waulesi sakhala pa mashini zaka 9, ndipo akathawa yunifomu sathawira ku zigamba, amakagona. Za kulodzedwa, chilichonse chimene mwafotokozachi chili ndi chifukwa chake chodziwika, ndipo chimachitikira anthu a mitundu yonse, ngakhale kumayiko kumene za ufiti saziganizira n'komwe. Kale mu 1916, katswiri wa zamaganizo Sigmund Freud analemba za anthu amene amasokonezeka maganizo pa nthawi yeniyeni imene chinthu chomwe akhala akuchilakalaka chatheka. Choncho khazikani mtima pansi. Vutoli limatha, ndipo milungu 4 ndi yokwanira kupulumutsa oda yanu mukayamba lero.

Ndalama simukuziopa, ntchito simukuiopa. Chimene chikukusowetsani tulo ndi katundu amene wabwera pamodzi ndi odayo. Werenganinso kalata yanu muone: chiyambire kulandira dipoziti, anzanu atalikira, achimwene afika ndi pempho, bambo ayamba mawu olasa, dzina lanu layamba kutchulidwa pamodzi ndi kukhwima. Mtima wanu wawerengetsera zonsezi n'kupeza kuti mayunifomu 240 akatuluka bwino, mavutowa awonjezeka. Odayo ikalephereka, mubwerera pakhonde paja, anzanu adzakupepesani, nkhani ya kukhwima idzazilala, bambo adzasiya mawu aja. Pakamwa mukuti "ndikufuna kumaliza", koma manja akumvera kuwerengetsera kwa mumtima kuja. Kumeneko ndiko kudzitchera ndale wekha, ndipo munthu amachita zimenezi osakhala pansi n'kuzikonza.

Mu 1968, katswiri wa zamaganizo Matina Horner, ali pa yunivesite ya Michigan ku America, anapatsa ophunzira chiyambi cha nkhani kuti aimalize. Atsikana anawapatsa nkhani ya mtsikana amene wakhala nambala wani m'kalasi yophunzira udokotala, anyamata ya mnyamata. Atsikana ambiri anamaliza nkhaniyo ndi zowawa: anzake amuthawa, wasowa womukwatira, wasiya sukulu. Anyamata amene analemba zotere anali ochepa. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake anapeza kuti manthawa amagwiranso amuna, ndiponso kuti atsikana aja ankalemba zimene ankaona zikuchitikira akazi okwera pamwamba. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa inu. Mantha anu sanangochokera m'mutu. Kwathu kuno nsanje timaidziwa, mpaka nyimbo ya fuko lathu imaitchula pamodzi ndi njala ndi nthenda monga adani oti agonjetsedwe. Choncho sindikuuzani kuti "musaope, palibe chimene chingachitike". Zina zichitikadi. Ntchito yathu ndi yoti muzione bwinobwino chimodzichimodzi, muzikonzekere, kuti musalipire ndi bizinesi yanu.

Pali mantha ena achiwiri amene sanatchulidwe m'kalata, koma akuonekera pa nkhani ya ukwati uja ndi pa K400,000 ija. Mu 1978, akatswiri a zamaganizo Steven Berglas ndi Edward Jones anapatsa ophunzira mafunso ena osatheka kuwayankha, kenako n'kuwauza kuti akhoza bwino kwambiri. Asanalembe mayeso achiwiri anawauza kuti asankhe pakati pa mankhwala awiri, ena akuti othandiza kuganiza, ena osokoneza kuganiza. Ambiri mwa anyamata amene anayamikiridwa osadziwa kuti akhoza bwanji anasankha mankhwala osokoneza aja. Chifukwa chake n'choti akalephera azidzati alakwa ndi mankhwala, osati mutu wawo. Munthu akapambana koma osamvetsa chimene chamupambanitsa, amaopa kuyesedwanso, ndiye amakonzeratu chonamizira. Mashini "owonongeka" aja anali chonamizira. Ngongole ya achimwene nayo, kupatula chifundo chanu chimene sindikuchikayikira, yakupatsani chonamizira china: odayo ikakanika, mudzati ndalama ya nsalu inaperewera, ndipo funso loti kodi ndinedi telala wa ntchito zazikulu silidzayankhidwa.

Mankhwala a zimenezi ndi kudziwa chimene chinakupatsani odayo. Tengani kope usiku uno mulembe zifukwa zenizeni, zogwirika: misoko yanu siphwasuka, muyeso mumatenga bwino, makolo angati a pasukulupo munawasokerapo, mtengo wanu unali wotani poyerekeza ndi ena. Mukadzakumana ndi ahedi muwafunse ndithu kuti, "Kodi munandisankha chifukwa chiyani?" Palibe sukulu imene imapereka K1,500,000 kwa munthu mwangozi. Patsamba lina mulembe funso ili: ndikamaliza bwino odayi, choipa chimene chingandigwere n'chiyani? Lembani mayankho onse, ngakhale ochititsa manyazi. Mantha akakhala m'mutu amaoneka ngati phiri limodzi, koma akalembedwa nthawi zambiri amakhala nkhani zinayi kapena zisanu, iliyonse ndi njira yake.

Tsopano za ntchito, chifukwa masiku akuthamanga. Choyamba ndi foni ya ahedi, ndipo muimbe ndinu, lero, nthawi ya ntchito isanathe. Mvetsani chimene chimachitika foni ikamaitana: mtima umagunda, mumaisiya, ikadula mumapuma. Kampumulo kameneko n'kamene kakukulitsa vutoli, chifukwa thupi likuphunzira kuti kuthawa ndiko mankhwala, ndipo mawa mantha amabwera okulirapo. Mukaimba, mantha amakwera mphindi zoyambirira kenako amatsika okha. Musakonze nkhani yaitali, ndipo musanamizire magetsi kapena maliro. Lembani mawu papepala muwawerenge ngati pakufunika: "Ahedi, pepani kuti sindimayankha mafoni anu, ndinalakwitsa. Ndamaliza 60, ndibweretsa mawa. Otsalawo ndizibweretsa 60 Loweruka lililonse." Chimene chimakwiyitsa kasitomala koposa kuchedwa ndi kukhala chete kwa munthu amene wasunga ndalama yake. Ndipo musadzinamize: wolandira dipoziti n'kusowa amatha kutengeredwa kupolisi kapena kukhothi, komanso ahedi a sukulu za m'boma limodzi amadziwana.

Tiwerengetsere. Atsala mayunifomu 180. Milungu 4, Lolemba mpaka Loweruka, ndi masiku 24. Nokha, pa 6 patsiku, mufika 144, ndiye kuti mupereweza 36 ngakhale musadwale tsiku limodzi. Nokha simungathe, ndipo mwina mtima wanu unadziwa kale zimenezi, n'chifukwa chake nsalu ija ikukulemerani kuiyang'ana. Pezani telala mmodzi wa mashini ake amene angasoke 4 patsiku. Pamodzi mukhala pa 10, pamlungu 60, ndipo mumaliza m'masiku 18. Masiku 6 otsalawo ndi okonza zolakwika, kusintha masaizi, ndi zogwa mwadzidzidzi. Mugwirizane malipiro pa yunifomu iliyonse yomalizidwa bwino, osati patsiku, ndipo muyambe mwamuyesa ndi ziwiri muone msoko wake musanamupatse mulu. Mabatani, kudula ulusi wotsalira ndi kusita mupatse munthu wachitatu wa ganyu, chifukwa ntchito zing'onozing'onozi n'zimene zimadya nthawi ya telala.

Musasoke yunifomu imodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza ngati mmene mumachitira ndi diresi la kasitomala mmodzi. Dulani nsalu ya saizi imodzi yonse nthawi imodzi pogwiritsa ntchito patani ya katoni, mumange m'mitolo ya 10 ndi kapepala ka saizi, kenako musoke makolala onse, manja onse, matumba onse, pomaliza kulumikiza. Kudula kuzikhala kwa inu nokha, chifukwa nsalu imaonongekera pa sizasi. Madzulo musanaweruke, ikani chidutswa choyamba cha mawa pansi pa singano, ulusi wa mtundu wake uli kale m'mashini. Mukafika m'mawa musaganize za 180, dziuzeni kuti mungosoka mphindi 10. Phazi likayamba kupalasa, kawirikawiri limapitiriza lokha. Zigamba musazithamangitse, ndi makasitomala amene akusungani zaka 9, koma auzeni kuti mwezi uno zigamba zikusokedwa kuyambira 3 koloko masana.

Ndalama yotsala muiwerenge lero lomwe, muchotsepo ya nsalu, ulusi, mabatani, mazipi ndi malipiro a okuthandizani. K400,000 ija musaiike m'chiwerengerocho. Ikabwera ndi mwayi. Mukapeza kuti zikuperewera, pemphani sukulu kuti izilipira gawo lina pa mtolo uliwonse umene mwapereka. Zimenezi n'zachilendo kwa inu koma si zachilendo pa bizinesi. Katapila musamuyandikire, chiwongoladzanja chake chidya phindu lonse la odayi. Ndalama ya oda isakhale m'chikwama kapena pa nambala imene abale amaidziwa. Ikani ku akaunti ya kubanki, kapena pa laini ina ya Airtel Money kapena Mpamba yosungira za bizinesi zokha.

Za achibale ndikhalepo pang'ono, chifukwa zidzabweranso pa oda iliyonse. Katswiri wa zachuma Jessica Goldberg anachitapo kafukufuku pakati pa alimi a m'makalabu kumidzi ya m'Malawi muno. Ena analandira ndalama anzawo akuona, ena mwachinsinsi. Olandira poyera aja ankakonza zoigwiritsa ntchito mwachangu kuposa anzawo. N'zimene tonse timazidziwa: ndalama ikadziwika, mwini wake amathamangira kuimaliza opempha asanafike, kapena amaipereka kuti apume. Kuthandiza abale si cholakwa, ndipo tsiku la maliro kapena matenda ndi iwo omwewo amene adzakugwireni dzanja. Cholakwika n'kuthandiza ndi mpamba, ndiye kuposa apo ndi dipoziti, imene si yanu n'komwe mpaka mayunifomu ataperekedwa. Mawu oti muziyankha ndi achilungamo ndipo sakhumudwitsa: "Ndalama imeneyi ndi ya sukulu, yanga ibwera ndikamaliza." Mukamaliza, patulani pa phindu kachigawo kodziwika ka abale, mwachitsanzo K10 pa K100 iliyonse. Kakatha, katha, wina adikire oda ina. Malire otere amakupatsani mpata wopereka ndi mtima woyera, osaopa foni iliyonse yochokera kumudzi. Achimwene mukhale nawo pansi pamaso pa amalume kapena mayi, mugwirizane masiku obweza pang'onopang'ono, mulembe m'kope. Musapite mokalipa, ndalamayo munapereka nokha.

Kusungulumwa kuja n'kumene kwandikhudza kwambiri m'kalata yanu, makamaka mawu omaliza aja oti mulibe woti mumuuze. Anzanu a banki mkhonde si gulu limodzi la maganizo amodzi. Alipo mmodzi kapena awiri amene nsanje yawagwiradi, ndipo amenewo simungawasinthe ngakhale mutalephera dala. Adzangosiya kunena za kukhwima n'kuyamba kunena kuti mumadya ndalama za eni. Alipo ena amene angosowa poyambira: munkadandaula limodzi za kusowa kwa makasitomala, tsopano akuganiza kuti nkhani zawo mukuziona zazing'ono. Ndiye palinso mbali yanu. Munthu wosagona, wodzaza nkhawa, wobisa ngongole ya K400,000 mumtima, amafika pagulu ali ndwii, sayang'ana anzake m'maso, amachoka msanga. Kwa oonera, mantha ndi kudzimva zimafanana nkhope. N'kutheka kuti ena akungoyankha kutalikira kumene munayamba ndinu osazindikira.

Musayese kukonza gulu lonse. Sankhani mmodzi amene munkagwirizana naye kwambiri, mupite kwawo, osati pamsonkhano, mumuuze zoona: odayi yandikulira, sindikugona, ndikuopa. Anthu ambiri amafewa akaona kuti amene amamuyesa wakwera akuwafunabe. Kumisonkhano muzipitabe, masheya muziponya monga kale osawonjeza modzionetsera, kumaliro ndi kuzinkhoswe muzipezeka ndi manja anu pa ntchito. Koma ubwenzi musaugule ndi ngongole kapena kusoka kwaulere, ndipo musadzinyoze pamaso pawo kuti amve bwino. Ngati mwa iwo muli wodziwa kusoka kapena kusita, mupatseni ntchito pa mtengo womveka ngati wina aliyense. Ngakhale mutachita zonsezi, maubwenzi ena sabwerera mwakale, ndipo zimenezi zimapweteka. Mukalira musadzione ngati wopanda nzeru.

Mukufunikanso anzanu atsopano amene anadutsa kale pamene mulipa: mayi amene amaperekera zakudya kusukulu, mwini golosale amene ali ndi antchito, telala wamkulu wa tawuni ina. Kwa iwo nkhani ya dipoziti ndi abale si yachilendo. Mabungwe ngati NABW, la amayi ochita bizinesi limene anayambitsa mayi Joyce Banda, kapena ena amene amaphunzitsa eni mabizinesi ang'onoang'ono, ndi malo opezerako anthu otere. Mmodzi yekha woti muzimuimbira Loweruka lililonse kumuuza kuti mtolo wapita ndi wokwanira poyambira.

Bambo musawayankhe pa nthawi imene aponya mawu aja. Dikirani nthawi yabata, ana atagona, muwauze kuti mawu oti "abwana" amakupwetekani, muwaonetse kope la ndalama, muwafunse chimene chikuwadetsa nkhawa. Amuna ambiri amaopa kuti mkazi akayamba kupeza zambiri ulemu wawo utha, kapena anzawo aziwaseka, ndipo manthawo amatuluka ngati nthabwala. Kukonzera limodzi chimene phindu lidzachite pakhomo kumathandiza. Zikapitirira, ankhoswe alipo. Koma zikafika pokulandani ndalama, kukuletsani kupita kuntchito, kukuopsezani kapena kukumenyani, imeneyo ndi nkhanza, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza pa zoterezi.

Mphekesera ya kukhwima musakaitsutse pamsika, mungoikuza. Imakula pamene anthu akuona ndalama koma osaona thukuta, choncho sokerani poyera, anthu aone mitolo ya nsalu, aone okuthandizani, aone mukufika m'mamawa. Ikasanduka kukulozani chala pagulu kapena kuopseza, musachedwe, kauzeni amfumu ndi apolisi. Lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la mu 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo nkhani zotere zavulazitsapo anthu osalakwa, choncho si zozitenga mopepuka. Kupemphera ndi abusa kapena ashehe anu kuti mtima ukhale pansi n'kwabwino. Amene muyenera kumupewa ndi aliyense, wa mapemphero kapena wa zitsamba, amene angafune gawo la ndalama ija kuti "akumasuleni", kapena kukutchulirani dzina la mnzanu kuti ndiye wakulodzani. Mudzatuluka kumeneko ndalama itachepa, adani atachuluka, mayunifomu akadali 60.

Chomaliza ndi thanzi lanu. Kusowa tulo kwa mwezi wathunthu si kongopirira. Nthawi zambiri tulo timabwerera foni ija ikaimbidwa ndipo mtolo woyamba ukaperekedwa. Koma pakatha mlungu umodzi chichitireni zimenezi mukadali maso usiku, pitani kuchipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Musadikire n'komwe mlunguwo ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene zinkakusangalatsani sizikukomanso, chakudya sichikulowa, mukungolira, mtima ukuthamanga mpaka kubanika, kapena mwayamba kumwa mowa kapena mapilitsi kuti mugone. Zimenezi zimatha kukhala matenda a nkhawa kapena a kukhumudwa, ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina pamodzi ndi mankhwala. Akakuyezeninso BP ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi nako kumafooketsa ndi kuthamangitsa mtima. A St John of God ali ndi alangizi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ndi oyenera kuwaona ngakhale odayi itatha bwino, popeza aka n'kachiwiri kuthawa ntchito yaikulu ndipo mpofunika kufufuza pamene zinayambira. Maganizo oti bola kufa, kapena ofuna kudzivulaza, akangobwera ngakhale kamodzi, uzani munthu amene muli naye pafupi nthawi yomweyo ndipo akuperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo. Mukasowa poyambira kufotokoza, tengani kalata imene mwandilemberayi mukawapatse awerenge.